Kabokosi ka njuchi za mayi Hilda

Khalani pansi, ana inu, ndipo iwe Dalitso chotsa chala m'botolomo. Ndakuona. Uchiwo suthawa. Mwakhala mukundifunsa kuti n'chifukwa chiyani dzuwa likangoyamba kufunda kuno ku Bolton ine ndimasowa mtendere, kudya choimirira, kuthamangira kumunda ngati kwapsa. Lero ndikuuzani. Muzindiyankha m'Chingerezi monga mwa chizolowezi chanu, palibe mlandu, koma ine ndilankhula Chichewa, chifukwa nkhani ya njuchi m'Chingerezi imandikakamira pakhosi.

Njuchi sindinaziyambire kuno ayi. Bambo anga, ku Ntchisi, m'mphepete mwa nkhalango, anali katswiri wofula uchi. Mng'oma wawo sunali bokosi lopalidwa bwino ngati amene mumaona kumunda aja. Ankasenda khungwa la mtengo wa mombo lathunthu, n'kulilumikiza ndi zikhomo, n'kutseka uku ndi uku ndi udzu woluka, kenaka n'kukaupachika m'mwamba kuti chiuli chisaufikire. Chiuli inu simuchidziwa. Ndi kanyama kakafupi, kotuwa kumsana, kaukali moti ngakhale agalu anayi amakapatsa njira. Bambo akapachika mng'oma, ntchito yatha. Njuchi zinkabwera zokha, kumanga zokha, zikatopa napo n'kuchoka zokha. Panalibe munthu wotsegula mng'oma kuti awerenge ana. Tinkapitako nthawi yofula basi, muuni wa udzu uli m'manja, utsi uli tolotolo, ndipo pobwerera nkhope zinkakhala zitatupa moti amayi ankatizindikira ndi mawu. Koma chisa chija chikalowa m'kamwa, ululu wonse tinkaiwala. Tinkatafuna uchi, phula, ndi ana omwe. Inde Tiyanjane, ndi ana omwe, usachite tsinya. Anali onona kuposa tchizi chanu chomwe mumalirira chija.

Agogo anu aakazi, aNambewe, ndiwo anatsogola kubwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino. Ine ndinatsatira pambuyo ndi Linesi, mayi anuwa, ali kamtsikana kamanyazi ka sitandade sikisi. Ndinali ndi chikwama chimodzi ndi jekete yomwe ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe, ndikudzitama kuti ndagula yotentha. Nditatsika ndege ku Manchester, mphepo inandiuza zoona zake za jekete ija. Kwathu ndinali mphunzitsi, kuno ndinakhala wosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kumva nkhani imodzimodzi kasanu pa tsiku n'kumaseka ngati ndi yatsopano. Sindidandaula, ntchitoyo inatilera. Koma manja anga ankalira dothi. Nyumba zathuzi mukuziona, zogundana ngati mano, kuseri kabwalo koti ukayanika bulangeti limodzi kadzaza. Ndiye ndinakalembetsa dzina ku timinda tija ta khonsolo tomwe amabwereketsa. Ndinadikira mpaka ndinaiwala kuti ndinalembetsa. Kalata itabwera ndinaiwerenga katatu.

Tsiku loyamba ndikulima, ndi khasu lenileni lakwathu lomwe mlamu wanga anandibweretsera m'chikwama lopanda mpini, ndinamva kulira komwe ndinali ndisanakumve zaka zambiri. Ndinasiya khasu. Kuseri kwa mpanda wa zitsamba kunali mabokosi awiri, ndi mayi wachizungu wokalamba, wamfupi, atavala chipewa chaukonde.

"Ukuziopa?" anandifunsa.

"Ayi mayi, ndinakula nazo."

"Ndiye usangoima pamenepo, bwera undinyamulire chivindikirochi. Msana wanga unatha kalekale. Dzina lako ndani?"

"Waisoni."

Basi, kuyambira tsiku limenelo ndinali Waisoni, ine bambo wa imvi zanga, wondiitana dzina lokhalokha ngati mwana wa sukulu. Iwo anali Hilda. Koma ine dzina lokha linkandikanika kutuluka pakamwa. Ndinkati mayi Hilda, iwo n'kumaseka kuti sakukumbukira kuti anandibereka liti.

Zomwe ndinaona m'bokosi muja zinandisokoneza mutu. Mkati munali mafelemu a matabwa ondandalikana ngati mabuku pa shelefu, ndipo njuchi zinali zitamanga zisa m'mafelemumo. Umatha kuzula chisa chimodzi, kuchiyang'ana uku ndi uku, n'kuchibwezera osaphwanya kanthu. Mayi Hilda analoza ndi chala. Ndinaona njuchi yaitali, yoyenda mwaulemu, ili ndi kadontho ka penti kumsana. Mfumukazi! Ine amene ndinafula ming'oma yosawerengeka ndinali ndisanaionepo. Ndinafuula mpaka bambo wina wolima anyezi cha kutali anadzuka kuti aone ngati munthu walumidwa. Madzulo amenewo agogo anu anachita kundipempha kuti ndisinthe nkhani.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu njuchi zimauluka chaka chonse. Kuno chisanu chikafika zimadzitsekera, n'kuunjikana pamodzi ngati mpira kuti zizifunditsana, miyezi inayi kapena isanu. Banja la njuchi likakhala laling'ono, sungalisiye m'bokosi lalikulu la mafelemu khumi ndi limodzi, lingafe ndi kuzizira. Umaliika m'kabokosi ka mafelemu asanu, kosavuta kutenthetsa. Likapulumuka, maluwa akayamba, mfumukazi imayamba kuikira mazira mosapumira, ndipo kabokosi kaja kamachepa. Pamenepo uyenera kuzisamutsira m'nyumba yaikulu. Funso ndi lakuti liti. Funso limeneli landimeretsa imvi zambiri kuposa mayi anu ali ku sekondale.

Patapita zaka zitatu tikugwirira limodzi, mayi Hilda anandipatsa kabanja kangakanga. Ndinakasamala ngati khanda. Kanadutsa chisanu chonse kali moyo. Kuchiyambi kwa Malichi kunabwera tsiku limodzi ladzuwa, lokongola, njuchi zanga zikutuluka n'kumavina pakhomo. Mayi Hilda anali atapita kukacheza kwa mwana wawo wamkazi ku Hull. Ine mtima unandikwera. Ndinati, zolengedwa za Mulunguzi zapanikizika. Kupanikizika ndinkakudziwa bwino, paja titangofika kuno tinkagona anthu atatu m'chipinda chimodzi, masutukesi ali pansi pa bedi. Ndinatenga bokosi lalikulu n'kuzisamutsa, ndipo pofuna kuti zimve kukoma kwenikweni, ndinatalikitsa zisa zija n'kuika mafelemu opanda kanthu pakati pake. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Patangopita masiku awiri chisanu chinabwereranso, udzu wonse mbuu. Njuchi zochepa zija sizinathe kufunditsa ana omwazikana m'nyumba yonse ija. Ndinayamba kupeza ana akufa, akuda, atatayidwa pakhomo. Pofika kumapeto kwa Epulo munalibe kanthu. Mayi Hilda atabwera anasuzumira m'bokosi, n'kundiyang'ana.

"Waisoni, unazipatsa nyumba ya zipinda khumi ndi mbaula imodzi."

Bola akanandikalipira. Chaka chimenecho ndinakana kulandira kabanja kena. Ndinkangowathandiza kunyamula zolemera, koma zoti ndilamule ine pa njuchi, ayi.

Kenaka zinthu zinawatembenukira mayi Hilda. Chaka china mavu anavuta kwambiri, anawononga mabanja awo onse awiri akuluakulu. Chomwe chinatsala ndi kabokosi kamodzi ka mafelemu asanu komwe mayi Hilda anapatula m'chilimwe. Ndipo sikanali kabokosi wamba. Njuchi zimenezo mbewu yake inachokera kwa malemu amuna awo, a Tomu, omwe anaziyamba asanabadwe nkomwe mayi anu. Mfumukazi kubereka mfumukazi, zaka zonsezo osaduka. Mu Febuluwale mayi Hilda anaterereka pa madzi oundana pakhomo pawo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anagona m'chipatala, kenaka anawapititsa ku nyumba yosamalira okalamba kuti akachirire kumeneko. Ndinapita kukawaona ndi nthochi.

"Nthochizo ika apo," anatero. "Khala pansi. Njuchi za Tomu zili m'manja mwako."

"Mayi Hilda, mukudziwa zomwe ndinachita."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikupatsa iwe. Amene sanaphepo njuchi sindimukhulupirira. Tamvera. Ukaona kuti njuchi zakuta mafelemu onse asanu, ana ali pa anayi, samutsa. Usafulumire, komanso usachedwe."

Panalinso vuto lina. Njuchi zikapanikizika kwambiri zimalera mfumukazi yatsopano, ndipo yakale ija imanyamuka ndi theka la banja kukafuna malo ena. Kwathu zimenezi palibe amene amazilabadira, nkhalango ndi yaikulu. Koma kuno kuseri kwa mpanda kuli nyumba za anthu. Chaka chapitacho njuchi za munthu wina zinathawa n'kukaunjikana pa chingwe choyanikira zovala cha mayi wina, pa malaya a mwana wake akusukulu. Kunali phokoso. A komiti ya minda anatichenjeza kuti zikadzachitikanso, ming'oma yonse ichoke. Ndiye taonani pomwe ndinaima: ndikafulumira ndipha njuchi za a Tomu, ndikachedwa zithawa ndipo tonse atithamangitsa.

Pa mawu awiri aja a mayi Hilda, khutu langa linagwira amodzi okha: usafulumire. Mwezi wonse wa Malichi sindinatsegule. Ndinkangonyamula kabokosiko pang'ono kumbuyo kuti ndimve kulemera kwa chakudya, n'kuikamo shuga wokanda pamwamba, n'kuthawa. Epulo anabwera ndi mvula ya masabata awiri, ija yosagwa yosaleka. Ine ndinakondwera nayo mvulayo, inandipatsa chifukwa. Koma mitengo sinadikire. Misondodzi ya m'mbali mwa ngalande inachita maluwa, timaluwa tachikasu tija mumakonda kupemerera tikauma tinadzaza paliponse, ndipo mvula ikangokata pang'ono njuchi zinkatuluka n'kubwera miyendo italemera ndi mungu.

Ndikapita kukawaona mayi Hilda, funso linali limodzi.

"Watsegula?"

"Kudakazizira, mayi."

Ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ngakhale agogo anu aakazi anaona. Iwotu njuchi ankaziopa koopsa. Ali mwana analumidwa ndi gulu lonse pochokera kumjigo, ndiye kumunda ankathera pa mzere wa mpiru, osapitirira. Tsiku lina ali chapatali pomwepo anati, "Bambo a Linesi, njuchi zanu zija zikukankhana pakhomo ngati anthu pa depoti ya Lilongwe. Kodi mkatimo muli malo?"

"Inu aNambewe, za njuchi mwaziyamba liti?"

"Ine ndangonena zomwe ndaona."

Loweruka lina, Epulo atapitirira theka, kunacha kopanda mtambo. Pofika teni koloko ndinali nditavula juzi. Chifukwa chinandithera. Ndinavala chipewa chaukonde, ndinayatsa kachitini kofukizira utsi, ndinapemphera mwachidule, n'kulowetsa kachitsulo pansi pa chivindikiro. Chinakana. Ndinakanula mwamphamvu, ndipo chitatseguka, ana inu, njuchi zinasefukira ngati mkaka wowira! Pamwamba, m'mbali, paliponse. Zinali zitasowa pomanga mpaka zinamanga zisa zoyera pa chivindikiro penipenipo. Ndinazula felemu loyamba: ana okhaokha. Lachiwiri: ana. Onse asanu, ana kuchokera kumwamba mpaka pansi, popanda ngakhale kachibowo kamodzi koti mfumukazi iikiremo dzira. Chimwemwe chinandigwira, ndinaseka ndekha. Njuchi za a Tomu zinali zamoyo, zamphamvu kuposa zonse zomwe ndinaonapo! Koma nditatembenuza felemu lachitatu kuseka kunauma. M'munsi mwake munalendewera tinthu titatu tooneka ngati makoko a mtedza. Ndinkatidziwa. Ndi timakapu tolereramo mfumukazi yatsopano. Ulendo unali utayamba kukonzedwa.

Ndinabwezera zonse, kutseka, n'kuthamangira kukakwera basi. Nditakhala pampando ndinadabwa kuti anthu onse akundiyang'ana, ndipo mayi wina anasamuka n'kukakhala kutsogolo. Tinadutsa masiteji atatu ndisanazindikire kuti chipewa chaukonde chija chidakali kumutu. Sekani, sekani. Dalaivala nayenso anaseka.

Mayi Hilda ndinawapeza akudya nkhomaliro. Atangoona nkhope yanga anaika supuni pansi.

"Zafa?"

"Ayi! Zadzaza! Ana pa mafelemu onse asanu, zamanga mpaka pa chivindikiro. Koma pali timakapu titatu."

"Totseka kapena totsegula?"

"Totsegula."

"Muli mazira?"

"Sindinayang'ane."

"Waisoni!" Anamenya tebulo mpaka madzi anatayika. Koma maso awo ankawala ngati a mtsikana. "Ndiye tili ndi lero lokha. Bokosi lalikulu lili m'kashedi kanga, lotsukatsuka. Unditengere jekete yanga, ndikupita nawo."

Woyang'anira tsiku limenelo anali mayi wina wa ku Zambia, mayi Tembo, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Anandikokera pambali.

"Ba Phiri, simungabatenge chabe so. Mwendo ukalibe kupola. Pafunika mwana wawo avomere, na nesi apite nabo."

Mwana wawo wa ku Hull anavomera pa foni, ati akudziwa kuti akakana mayi ake atulukira pawindo. Kunatsala nesi. Nesi ndinali naye mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi. Ndinaimba.

"aNambewe, pepani, ndikufuna thandizo lanu kumunda."

"Ku mpiru?"

"Kupitirira pang'ono."

Iwo anangoti, "Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?" n'kudula. Pasanathe theka la ola anafika pa takisi, nkhope ili gwa.

Mukanationa tikulowa pa geti la minda! Ine kutsogolo ndi bokosi lalikulu lomwe tinakatenga m'kashedi muja, agogo anu akukankha chikuku m'matope, mayi Hilda ali m'chikukumo bulangeti lili pamiyendo, akulamula ngati mkulu wa asilikali. Agogo anu tinawaveka ovolosi ya mayi Hilda, yomwe inawathera m'maondo, ndiye anamangirira chitenje pamwamba pake n'kulowetsa masokosi awiriawiri. Anati aima kumbuyo kwa chikuku basi, ntchito yawo ndi wodwala.

"Suntha kabokosiko pambali," anayamba mayi Hilda. "Lalikululo liike pomwe panali kakang'onoko, khomo liloze komweko, kuti zobwera kuthengo zisasochere. Eya. Tsopano tsegula. Utsi pang'ono, sukuwotcha tchire."

Ndinakanula chivindikiro chija, cholemera ndi zisa ndi njuchi, n'kusowa pochiika. Pansi panali matope.

"Nambewe, gwira ichi," anatero mayi Hilda.

"Ine?"

"Iweyo. Ungochigwira chopenyetsa kumwamba. Sizikuona n'komwe, zili ndi ntchito."

Agogo anu anachilandira manja atatambasula kutali, maso atatsinzina, milomo ikuyenda. Ndikhulupirira kuti anapemphera masalimo onse omwe ankawadziwa.

Ndinayamba kusamutsa mafelemu limodzilimodzi. "Mmene analili momwemo," ankatero mayi Hilda. "Loyamba likhale loyamba. Agundane. Usaike chopanda kanthu pakati pa ana." Pamenepo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Nditafika pa lachitatu ndinalibweretsa pafupi ndi nkhope yawo, n'kulipendeketsa kuti dzuwa lilowe m'timakapu tija. Anasuzumira koyamba, kachiwiri, kachitatu.

"Mouma," anatero. "Mulibe dzira. Tazipeza zisanamange katundu."

Tinaika mafelemu atsopano awiri mbali iyi, awiri mbali inayo, ndipo malo otsalawo tinawatchinga ndi thabwa kuti nyumba isakule kwambiri tsiku limodzi. Ndimomwe zimakhalira: umawonjezera chipinda, osati mudzi wonse.

"Mfumukazi waiona pa felemu liti?" anafunsa mayi Hilda.

Ndinaima. Sindinaione pa felemu lililonse. Ndinazulanso onse asanu, kuyang'ana mbali zonse. Palibe. Ndinasuzumira m'kabokosi kakale, m'makona monse. Palibe. Ndinayamba kuyang'ana pansi, mu udzu, pansi pa nsapato zanga, thukuta likulowa m'maso. Popanda mfumukazi ija, mbewu ya a Tomu ikanakhala pa ngozi, ndipo woiponda akanakhala ine. Mayi Hilda anagwiritsitsa bulangeti ndi manja onse awiri.

Kenaka tinamva kamawu kakang'ono, kosakhala ngati ka munthu amene amanjenjemeretsa wodi yonse.

"Bambo a Linesi. Ichi chachitalichi, chili ndi penti kumsanachi, chikuyenda pa mkono wangachi, n'chiyani?"

Ana inu! Mfumukazi ija, posowa poikira mazira, inali itakwera pa zisa za pa chivindikiro. Kuchoka pamenepo inatsikira pa golovesi, n'kuyamba ulendo wokwera mkono wa agogo anu, njuchi zina zisanu zikuilondola pambuyo.

"Usagwedezeke," ananong'ona mayi Hilda. "Ikauluka yapita."

Ndinalandira chivindikiro n'kuchitsamiritsa pa chikuku. Ndinatambasula dzanja kuti ndiitole, koma zala zinkanjenjemera ngati ndagwidwa malungo, magolovesi akenso okhuthala. Agogo anu anatsegula diso limodzi, n'kuona dzanja langalo.

"Chotsani manja anu onjenjemerawo, muiphwanya. Ndiuzeni koipititsa."

"M'bokosimo," anatero mayi Hilda. "Pamwamba pa mafelemu."

Ndipo mayi ameneyu, amene kwa zaka zonsezo sanadutsepo mzere wa mpiru, anayenda mapazi anayi kulowa pakati pa mtambo wa njuchi, mkono uli tambalale osagwedera ngakhale pang'ono, monga amayendera akanyamula mwana wobadwa masiku asanakwane. Anagwada m'matope. Anagoneka mkono pa mafelemu. Mfumukazi inaima pa chigongono, inatembenuka, inakhala ngati ikuganiza. Kenaka inatsika pang'onopang'ono, kudutsa pa dzanja, kufika pa chala, n'kulowa pakati pa zisa. Zii.

Mayi Hilda anakuwa n'kuponya bulangeti m'mwamba. Ine ndinavina, inde ndinavina, chitini cha utsi chili m'manja, gule amene sindinamuvinepo chichokereni ku Ntchisi. Agogo anu anadzuka mwaulemu, anasasa maondo, anayenda bwinobwino mpaka pa mpiru. Atafika pamenepo ndi pomwe anakuwa "Mayo ine!" n'kuliyatsa liwiro mpaka pa geti, chitenje chikutsalira m'njira. Wodwala wawo anamuiwala. Mayi Hilda anaseka mpaka anagwira m'chiuno mothyoka muja, akuti, "Ndisiyeni, ndisiyeni, zikupweteka!"

Patatha masiku khumi ndinatsegulanso, nthawi ino osadikira kukankhidwa. Mafelemu anayi atsopano aja anali atamangidwa zisa zoyera mbee, mazira ali ndondondo. Ndinachotsa thabwa lija n'kudzaza bokosi lonse. Mwezi wa Meyi usanathe ndinasanjikiza bokosi la uchi pamwamba, kenaka linanso. Sizinathawe. A komiti sanamve kanthu, kupatula kuti wapampando wawo analandira botolo. Loyamba lenileni tinapita nalo kwa mayi Hilda. Analawa ndi supuni ya tiyi, anatseka maso, n'kunena kuti ndafulumira kufula ndi sabata imodzi. Koma botololo sanalole kuti aliyense aligwire, ankagona nalo pa kabati pafupi ndi chithunzi cha a Tomu. M'chilimwe chomwecho ndinapatula timabanja tiwiri, ndipo chiyambire pamenepo chaka chilichonse ndimalowa m'chisanu ndi timabokosi titatu kapena tinayi. Masiku ano anyamata a njuchi ali ndi timakina toika pansi pa mng'oma tomawauza kulemera kwake pa foni ali pabedi. Zabwino ndithu. Koma foni siingakuuze kuti njuchi zakuta mafelemu asanu. Uyenera kupita, kutsegula, kuona ndi maso ako, ngakhale mtima ukugunda.

Mayi Hilda kunyumba kwawo sanabwererenso. Anakhala kwa mayi Tembo kuja chaka china chathunthu, ndipo anatisiya kuchiyambi kwa Malichi, ali m'tulo. Pa maliro, titatuluka m'tchalitchi, mwana wawo uja anandigwira dzanja.

"Bambo Phiri, njuchi mwaziuza?"

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anandifotokozera kuti ndi mwambo wakale wa kwawo kuno: mwini njuchi akamwalira, munthu amapita kukagogoda pa mng'oma n'kuziuza, apo ayi zimakhumudwa n'kuchoka. Ati bambo ake atamwalira, mayi ake anachita zomwezo. Ine ndinadabwa kuti azungu nawonso ali ndi zotere, koma sindinafunse zambiri. Uthenga wa maliro ndimadziwa kaperekedwe kake.

Tinapita masana omwewo ndi agogo anu, tidakali m'zovala zakuda. Kunkazizira, pakhomo pa mng'oma panalibe njuchi ngakhale imodzi. Ndinavula chipewa, ndinagwada, ndinagogoda katatu. Chingerezi chinandithawa, ndiye ndinalankhula monga timachitira kwathu.

"Zikomo eni mudzi. Tabwera ndi uthenga wa zovuta. Mayi Hilda atisiya Lachiwiri, ndipo lero tawaperekeza. Otsala ndife. Chonde musachoke."

Ndinagunditsa khutu pa thabwa. Mkatimo munamveka kulira kwapansipansi, kofunda, ngati kwa anthu ambiri. Ndinadzuka ndikupukuta m'maso, n'kunena kuti tizipita.

"Dikirani," anatero agogo anu. "Uthenga wanu ndi wosakwanira."

Anakwinya chitenje, anagwada pomwe ndinagwada ine, nawonso n'kugogoda katatu.

"Ndine Nambewe, tinaonana kale. Bambowa ndi abwino, koma amachedwa. Nyumba ikadzachepa, muzidzauza ine."